Wabwera kunkhondo koma sanafike pakhomo

 Zikomo kuti mwasiya makasu pamene mvula ili pafupi, n'kubwera kudzamva nkhani imene ambiri timangoinong'ona kuseri kwa nkhokwe.

Amene munafikako ku Zomba mukuchidziwa chipilala cha njerwa zofiira chimene chaima pafupi ndi Cobbe Barracks. Chinamangidwa pokumbukira asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene agogo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya chifukwa cha mfuti ija yolavula zipolopolo mosapumira. Chaka chilichonse, Lamulungu lachiwiri la Novembala, akuluakulu a boma amayala nkhata za maluwa, lipenga limalira, anthu amavala kaduwa kofiira pachifuwa, ndipo kwa mphindi ziwiri ponse pamangoti zii. Mphindi ziwirizo n'za akufa, ndipo n'zowayenera. Lero tikambe za amoyo. Tikambe za bambo amene anatsika ndege ndi chikwama chake, analandiridwa ndi nthungululu, mbuzi n'kuphedwa, koma patapita miyezi itatu mkazi wake anayamba kuuza mlamu wake chapansipansi kuti, "Achimwene anu anabwera thupi lokha."

Timanyadira kuti Malawi ndi dziko la mtendere, ndipo n'zoona. Koma ana ake akhala akumva kulira kwa mfuti kwa zaka zoposa 100. Anamenya nkhondo ku Karonga mu 1914. Anapita ku Somaliland ndi ku Abyssinia, kenako ku Burma mu 1944, ndi ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ankalondera njanji ya ku Nacala pamene Mozambique inali pamoto. Anali ku Rwanda mu 1994, anapita ku Ivory Coast, ndipo mu 2013 anatumizidwa kum'mawa kwa Congo. Mu Novembala 2018, m'nkhalango za kufupi ndi Beni, asilikali 6 a Malawi anaphedwa polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anachoka pamalo pamene anabisala kuti akakoke msilikali wa ku Tanzania amene anavulala. Mtanzaniyo anapulumuka, Chitete anaomberedwa. Mu Meyi 2019 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja lake mendulo yapamwamba ya Captain Mbaye Diagne. Mu Januwale 2025 tinalandiranso uthenga wa asilikali ena 3 amene anafa ku Congo komweko polimbana ndi zigawenga za M23. Anzawo amene anali nawo m'tchiremo, amene anawanyamula, amene anamva mawu awo omaliza, anabwerera kuno. Ali m'midzi yathu ndi m'matauni athu, ndipo ena amakhala nafe m'tchalitchi Lamulungu lililonse.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, bala la msilikali ndi lenileni ngakhale silitulutsa magazi. Yachiwiri, pali bala lina la chikumbumtima limene mapiritsi salifika. Yachitatu, pemphero ndi chipatala si akazi a mitala. Yachinayi, zimene mpingo ungachite Lolemba m'mawa, nyimbo zitatha.

Mfundo yoyamba: bala limeneli ndi lenileni.

Mulungu anaika mlonda m'thupi la munthu aliyense. Mukakumana ndi mphiri panjira, simukhala pansi kuti muganize kaye. Mtima umagunda, miyendo imadumpha yokha, nzeru zimabwera pambuyo. Kunkhondo mlonda ameneyu ndiye amapulumutsa munthu. Amene wakhala miyezi m'nkhalango mmene kuthyoka kwa kamtengo kungakhale nyani kapena mdani, amazolowera kugona mwatcheru. Vuto limayamba pamene nkhondo yatha koma mlonda uja sanauzidwe. Amakhala ngati galu amene anaonapo akuba usiku wina, tsopano akuuwa ngakhale tsamba la nthochi likangogwedezeka.

Ndiye mumaona bambo wamkulu atadziponya pansi chifukwa ana aphulitsa makombola pa Chaka Chatsopano, kapena tayala la minibasi laphulika. Usiku amabwebweta, amadzuka thukuta lili kamukamu, nthawi zina atagwira pakhosi mkazi wake yemwe. Masana safuna kumva nkhani za ku Congo pa wailesi. Kanthu kakang'ono, mbale kugwa, amapsa mtima ngati moto wa lupsa. Kapena samvanso kanthu, mwana wake akamukumbatira amangoima ngati chitsa. M'tchalitchi amasankha mpando wakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene angaone aliyense wolowa. Zizindikiro zotere zikapitirira mwezi ndipo zikusokoneza moyo wa munthu, madokotala amazitcha PTSD. Mvetsetsani bwino apa, asilikali ambiri amabwerako, amavutika masabata angapo, kenako amakhazikika. Musachoke pano n'kumakayang'ana msilikali aliyense ngati wamisala.

Azungu nawonso anachedwa kulizindikira bala limeneli. Mu 1915 dokotala wa ku Britain, Charles Myers, analemba za asilikali amene ankanjenjemera, kusiya kuyankhula kapena kuona, pathupi popanda chilonda. Ngakhale zinali choncho, pa nkhondo imeneyo Britain inaombera asilikali ake 306 pa milandu monga mantha ndi kuthawa, ndipo boma linawakhululukira mu 2006, onse atasanduka dothi. Dzina loti PTSD linalowa m'buku la madokotala a ku America mu 1980, asilikali obwera ku Vietnam atalimbana kwa zaka kuti amvedwe. Agogo athu obwera ku Burma sanapimidwe zimenezi. Kumudzi ankangoti nkhondo inawazunguza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene tinasunga ife ndi perete wa asilikali, amene anasanduka gule: malipenga ku Nkhata Bay, mganda m'chigawo chapakati, beni ku Mangochi. Taonani mmene maina amaseweretsera anthu. Beni wa kwathu ndi gule wa chisangalalo, dzina lake linachokera ku mawu a Chingerezi otanthauza gulu la oimba malipenga, pamene Beni wa ku Congo ndi kumene ana athu anasiya magazi.

Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo usilikali umakhomerera msomali womwewo. Koma akuluakulu omwewo anatinso mbewa ya manyazi inafera kuuna. Malipoti a polisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna. Amene sangalire pamaso pa anthu amakalirira m'botolo la kachasu, ndipo ife timamuweruza pa kachasuyo osafunsa chimene akufuna kumiza. Ndibwereze: bala ili ndi lenileni. Munthuyo sakuchita dala, ndiponso chikhulupiriro chake sichinachepe.

Mfundo yachiwiri ndi imene ikukhudza mpingo kwambiri, ndipo ndikhalapo nthawi.

Dokotala wina wa ku Boston, Jonathan Shay, anakhala zaka zambiri akumvetsera asilikali a ku Vietnam. M'buku lake la mu 1994 anaonetsa kuti ambiri a iwo chimene chinkawadya kwambiri sichinali mantha. Chinali chakuti anaona chilungamo chikupondedwa, kawirikawiri ndi akuluakulu awo amene ankawakhulupirira. Ofufuza ena pambuyo pake anaonjezapo zimene munthu anachita yekha, zimene analephera kuletsa, ndi zimene anangoonerera. Taganizani msilikali amene anaombera chinthu chimene chinagwedezeka m'thengo, m'mawa n'kupeza kuti anali mnyamata wosamera ndevu. Kapena amene analamulidwa kubwerera m'mbuyo mnzake akuitana dzina lake. Kapena amene anasinthana ntchito ndi mnzake tsiku limenelo, mnzakeyo n'kufa. Munthu wotere mankhwala angamugonetse tulo, koma sangamuuze kuti wakhululukidwa. Funso lake ndi lakuti, kodi manja awa angalandirenso Mgonero?

Pamenepa mipingo yathu imaterereka mbali ziwiri. Ena amathamangira kunena kuti, "Aaa bambo, munali pantchito, palibe mlandu," n'kumusisita paphewa. Iye amagwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima amadziwa kuti munthu uyu sanamve kanthu, ndipo sadzayankhulanso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu amene simunamve musamutsekere. Ena amamutalikira, amamuona ngati wonyamula mizimu ya anthu amene anawapha.

Baibulo silichita zonse ziwirizi. Asilikali atabwera kwa Yohane M'batizi kudzafunsa chochita, sanawauze kuti avule yunifolomu. Anawaletsa kulanda za anthu ndi kunamizira osalakwa. Korneliyo, amene Petro analamula kuti abatizidwe pa Machitidwe 10, anali mkulu wa asilikali. Msilikali si Mkhristu wa mzere wachiwiri. Komabe Baibulo lomwelo silinamizira kuti kukhetsa magazi ndi chinthu chopepuka. Pa Numeri 31, ankhondo obwera kopambana anauzidwa kukhala kunja kwa msasa masiku 7, kusamba ndi kuchapa zovala, asanalowe pakati pa anthu. Davide, mfumu yokondedwa, sanaloledwe kumanga kachisi chifukwa cha magazi ambiri amene anakhetsa.

Mpingo wakale unatenga zimenezi mwamphamvu. Basil, bishopu wa ku Caesarea m'zaka za m'ma 300, ananena kuti kupha kunkhondo sikuwerengedwa ngati kupha kwa chigawenga, komabe analangiza kuti msilikali wotere ayambe wadikira zaka zitatu asanalandire Mgonero. Itatha nkhondo ya ku Hastings ku England mu 1066, mabishopu anaikira asilikali opambana malamulo a kulapa: chaka chimodzi pa munthu aliyense amene anamupha, masiku 40 pa munthu amene anamulasa koma osadziwa ngati anafa. Oponya mivi, amene sakanadziwa kumene mivi yawo inagwera, anapatsidwa nyengo zitatu za Lenti.

Sindikupempha kuti tiyambe kudula asilikali mumpingo. Zaka zitatu za Basil ndi katundu wolemera, ndipo munthu wosweka kale angathe kumva ngati wathamangitsidwa. Koma onani nzeru imene ili pansi pake. Anthu amenewa anavomereza kuti chinachake chachitika. Anachipatsa muyeso. Ndipo muyesowo unali ndi tsiku lothera, pamene munthu ankalandiridwanso pagome pamaso pa onse. Msilikali wa lero amadzizenga yekha mlandu usiku uliwonse, m'bwalo lopanda mfumu, lopanda mboni, ndipo chigamulo sichifika. Akatolika muli ndi sakramenti la kulapa. Enanu muli ndi m'busa amene angakhale pansi ndi munthu, kumva nkhani yonse mpaka kumapeto osaidula, kusiyanitsa chimene chinali tchimo ndi chimene chinali tsoka chabe, kenako n'kulengeza chikhululukiro cha Khristu momveka, potchula dzina la munthuyo.

Anansi athu a ku Mozambique anakumana nazo zimenezi pakhomo penipeni. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anyamata zikwizikwi anabwerera kumidzi, ena kumidzi imene anaiotcha okha. M'madera ambiri ankayamba awasambitsa ndi kuotcha zovala za kunkhondo asanalowe m'nyumba. Akhristu tingasiyane maganizo pa miyambo imeneyo, koma mudzi unadziwa kuti munthu sachoka kunkhondo n'kufikira pamphasa. Ndipo mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dzikomo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mfutizo ankazidula, amisiri n'kuumba nazo zinthu. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zimenezo uli ku British Museum ku London. Munthu ankapereka chida ndi manja ake, n'kubwerera kwawo atanyamula khasu.

Mfundo yachitatu: pemphero ndi chipatala si akazi a mitala oti azilimbirana mwamuna.

Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli zipatala za matenda a maganizo zotchedwa St John of God. Ambiri timangodutsa pa chikwangwanicho osadziwa kuti mwini dzinalo anali msilikali. Anabadwa mu 1495 ku Portugal, anakula akuweta nkhosa ku Spain, n'kulowa usilikali. Pa nkhondo ya ku Fuenterrabía anamuika kulondera katundu wolanda kwa adani, katunduyo anabedwa, ndipo anatsala pang'ono kupachikidwa. Pambuyo pake anapitanso kunkhondo yolimbana ndi Aturuki cha ku Vienna. Atasiya usilikali anayendayenda, mpaka anakhazikika ku Granada n'kumagulitsa mabuku. Tsiku lina, ali ndi zaka zopitirira 40, anamva ulaliki wa John wa ku Ávila, ndipo zonse zimene anasunga mumtima zinaphulika. Anathamanga m'misewu akufuula, akudzizula tsitsi, akugubuduka m'matope. Anamutsekera m'chipinda cha amisala pa chipatala cha mfumu, kumene mankhwala a nthawi imeneyo anali unyolo ndi chikoti.

Mlaliki uja sanamutaye. Anamulangiza, n'kumuthandiza kuti chisoni chake achisandutse ntchito. Atatuluka, John anapeza nyumba, n'kuyamba kutola odwala ndi osowa m'misewu ya Granada, ena kuwabereka kumsana, usiku n'kumapempha chakudya chawo khomo ndi khomo. Anamwalira pa 8 Malichi 1550. Gulu la abale limene linatsatira mapazi ake ndi limene linafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990. Choncho msilikali wopuma akalowa pa geti imeneyo, akulowa m'nyumba ya msilikali mnzake amene anagonapo pa unyolo.

Tsono n'chifukwa chiyani ena a ife timauza munthu kuti kupita kuchipatala n'kusakhulupirira? Ndinene mosapsatira za mapemphero ena a masiku ano. Kumuika munthu pakati, anthu khumi n'kumuzungulira, kumukuwira m'makutu, wina kumugwira mutu kuchokera kumbuyo, kwa inu ndi pemphero, koma kwa mlonda uja wa m'thupi mwake ndi adani amene amuzinga. Akayamba kunjenjemera kapena kumenya, mumati chiwanda chaonekera. Akapanda kuchira, mumati chikhulupiriro chake n'chochepa, ndipo amabwerera kunyumba ndi mabala awiri m'malo mwa limodzi. Choipa koposa ndi kumuuza kuti ataye mankhwala. Amene amachita zimenezo akusewera ndi moyo wa mwini.

Thandizo lilipo. Kuwonjezera pa St John of God, kuli Zomba Mental Hospital, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi anamwino ophunzira za maganizo. Njira imene yaoneka kuti imathandiza kwambiri ndi kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa, amene amamuyendetsa munthu pang'onopang'ono m'zimene anaona mpaka thupi litaphunzira kuti tsiku lija linapita. Ena amafunikanso mapiritsi. M'busa amuperekeze, apemphere naye pa benchi podikira, ndipo akamuyendere akabwerako. Kumbukirani kuti Yesu atauka kwa akufa anali ndi zipsera zake, ndipo Tomasi anamuzindikira nazo. Kuchira kwa msilikali sikutanthauza kuiwala. Mwina adzalotabe nthawi zina, koma adzadzuka, adzadziwa kuti ali kwawo, n'kugonanso.

Mfundo yachinayi, ya Lolemba m'mawa. Pano mphunzitsi wathu ndi nkhani ya Eliya pa 1 Mafumu 19.

Eliya anali atangochoka pokhetsa magazi a aneneri a Baala. Yezebeli atamuopseza, munthu wolimba uja anathawira kuchipululu, anakhala pansi pa kamtengo, n'kupempha kufa. Mngelo atabwera sanamulalikire. Anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agone. Anabweranso kachiwiri, chakudya chomwecho. Mafunso anadza patapita masiku 40, ndipo Mulungu anamulola kunena dandaulo lake lomwelo kawiri konse. Kenako anamupatsa ntchito, anamupatsa mnzake Elisa, n'kumuuza kuti alipo ena 7,000, sali yekha. Taonani ndondomeko yake: chakudya, tulo, khutu, ntchito, mnzake. Ife timakonda kuyambira pa ulaliki.

Choncho mukapita kukamuona, pitani awiri, osati gulu lonse la mphakati. Musamufunse kuti anapha angati. Funso limenelo ndi la ana. Musamukokere kutsogolo kuti apereke umboni. Khalani naye pakhonde, sewerani bawo, kambani za mtengo wa feteleza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limene adzayambe kuyankhula, tsekani pakamwa panu, ndipo zimene mwamva zisakafike kumsika. Akanena kuti wakwiyira Mulungu, musadzidzimuke. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima, popanda aleluya, koma lili m'Baibulo.

Musadzichepetse kuti ndinu anthu wamba. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pa benchi panja pa kiliniki, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu ankapezadi bwino. Amayi a Mvano ndi a Chigwirizano, ndani angakuposeni pa ntchito yotere mutaphunzitsidwa? Koma pali zina zimene msilikali amauza msilikali mnzake yekha. Mpingo upereke chipinda ndi tiyi, uitane asilikali opuma, a bungwe lawo la VELOM ndi abusa a asilikali, kenako utuluke n'kutseka chitseko.

Za mkazi ndi ana ndisaziiwale, chifukwa iwo ndi amene amagona m'nyumba imodzi ndi nkhondoyo. Mayi akabwera ndi diso lotupa, musamubweze ndi mawu oti banja n'kupirira. Bala la mwamuna limatiuza kumene ukaliwo ukuchokera, koma silimupatsa chilolezo chomenya. Mayi ndi ana ayambe atetezedwa, ndipo bamboyo athandizidwe. Ndipo munthu akayamba kunena kuti kuli bwino atangofa, kapena kugawa katundu wake, kapena kutsanzika mosadziwika bwino, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Musamusiye yekha, chotsani chingwe, tameki ndi mankhwala a mbewu m'nyumbamo, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira Lamulungu.

Chomaliza ndi chaching'ono. Mupatseni ntchito yogwira ndi manja, kaya kuyang'anira zomanga nyumba ya abusa, kaya kuphunzitsa anyamata a mpingo kukhoma denga, pakuti munthu amene anatsogolerapo anzake pansi pa zipolopolo amafota akamangopemphereredwa. Ndipo Lamulungu likubwerali, mukamuona wakhala pa mpando wake uja wakumbuyo pafupi ndi chitseko, musatume mkulu wampingo kuti akamusunthire kutsogolo. Mmodzi wa inu anyamule buku lake la nyimbo, akakhale naye komweko.